Paulus Gerdes ndi Masamu a m'Dengu

Paulus Gerdes anabadwira ku Netherlands mu 1952, ndipo anaphunzira masamu mumzinda wa Nijmegen. Anafika ku Mozambique mu 1976, dziko litangolandira ufulu, pamene aphunzitsi ambiri achipwitikizi anali atanyamuka kubwerera kwawo. Boma linafuna aphunzitsi atsopano a masamu mwamsanga, ndipo ntchito yowasula inagwera anthu ochepa, mmodzi mwa iwo a Gerdes, pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Kumeneko anakumana ndi vuto limene ifenso timalidziwa. Ophunzira ambiri ankaona masamu ngati chinthu cha azungu, chobwera pamodzi ndi Chipwitikizi, chongoloweza pamtima kuti munthu akhoze mayeso. A Gerdes anayamba kufufuza masamu m'ntchito za manja a anthu wamba: m'madengu, m'malichero, m'mono wogwirira nsomba. Anaphunziranso za zithunzi za pamchenga zotchedwa sona za Achokwe a ku Angola, ndi za zikwama zoluka za ku Inhambane. Za madengu a Amakhuwa, amene ambiri a ife timakhala nawo ku Cuamba, analemba buku lathunthu lotchedwa Otthava.

Chitsanzo chimene timachikonda kwambiri ndi cha mmisiri woyala maziko a nyumba. Amatenga nsungwi zinayi, ziwiri zazitali mofanana, ziwiri zazifupi mofanana, nkuzimanga m'mapeto. Kenaka amayeza ndi chingwe kuchoka pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo, nkuyezanso mbali inayo, ndipo amasuntha nsungwizo kufikira miyeso iwiriyo italingana. Zikatero ngodya zonse zinayi zawongoka. Mfundo imeneyi ili m'buku la kusukulu, koma mwana amene anagwirira atate ake chingwe saizindikira akaimva m'chiyankhulo chimene sanachizolowere.

Pamene anali mkulu wa sukulu yosula aphunzitsi imene inadzakhala Universidade Pedagógica, kuyambira 1989 kufikira 1996, a Gerdes ndi anzawo anasonkhanitsa njira zowerengera za m'ziyankhulo za dziko lino. Apa mpamene ntchito yawo imatikhudza ife mwachindunji. M'Chinyanja timati zisanu ndi ziwiri, ndipo Chiyao ndi Chimakhuwa nazonso zimamanga manambala pa zisanu ndi pa khumi. Mwana wa ku Mandimba kapena ku Ngauma akanena zisanu ndi zitatu, wanena kale kuti 5 kuphatikiza 3. Mawu akuti oito samuuza kanthu za zimenezi. Ena amadandaula kuti manambala athu ndi aatali, ndipo nzoona, koma utali womwewo ndiwo umaonetsa m'kati mwa nambala.

Mayeso a SACMEQ, oyerekeza ana a kalasi 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti zotsatira za masamu ku Mozambique zinatsika pakati pa 2000 ndi 2007. Kafukufuku wotere amafunsa za mabuku, za maphunziro a mphunzitsi ndi za chiyankhulo cha pakhomo. Sitinganene kuti dengu likanathetsa zonsezi. Kalasi yodzaza ana popanda mabuku ndi yovuta m'chiyankhulo chilichonse. Koma mwa zinthu zimenezi, chimene chili m'manja mwa mphunzitsi m'mawa uliwonse ndicho kusankha poyambira phunziro, ndipo a Gerdes ankayambira pa chimene mwana wabwera nacho.

Anatenga unzika wa Mozambique, ndipo kuyambira 1986 anatsogolera komiti ya bungwe la African Mathematical Union yofufuza mbiri ya masamu mu Africa. Anamwalira ku Maputo mu Novembala 2014.