Emily Dickinson, Mlakatuli Wobindikira wa ku Amherst

Pa 15 Meyi 1886, m'masiku amene Inkosi Chikusi ankalamulira Angoni a Maseko, m'tauni ya Amherst ku America munamwalira mayi wa zaka 55 amene anansi ake ankamudziwa chifukwa cha maluwa ndi buledi. Mayiyo ndi Emily Dickinson, amene lero amawerengedwa pakati pa alakatuli otchuka kwambiri a chinenero cha Chingerezi. Mbiri yawo ikuyenera malo pamwambo wosunga chikhalidwe, chifukwa chuma chochuluka chimene adasiya chidapulumukira m'nyumba, m'manja mwa mbale wawo.

Adabadwa pa 10 Disembala 1830 m'banja lopata. Bambo awo, a Edward Dickinson, adali loya ndiponso msungichuma wa Amherst College. Emily adaphunzira ku Amherst Academy, kenaka ku Mount Holyoke, kumene sadathe chaka asanabwerere kwawo. Sadakwatiwe. Pamene zaka zinkapita adayamba kubindikira, mpaka adaleka kutuluka pabwalo la bambo awo, ndipo alendo ena ankalankhula nawo chitseko chili pakati. Ngakhale pa maliro a bambo awo mu 1874, mwambo ukuchitikira m'nyumba momwemo, iwo adatsala m'chipinda chawo.

Amene amaganiza kuti kubindikirako kudali kukhala manja lende amalakwitsa. Adali mlimi wa maluwa kuyambira paubwana. Akadali mtsikana adasonkhanitsa masamba ndi maluwa a zomera 424, nkuwaumitsa, nkuwamata m'buku, ndipo ambiri adawalembera maina awo a Chilatini. Bukulo likusungidwa ku yunivesite ya Harvard. Kwawoko kumazizira koopsa, choncho bambo awo adamangitsa kachipinda ka magalasi kuti maluwa asafe m'nyengo yachisanu. Ankayendanso m'tchire ndi galu wawo wamkulu, Carlo, amene adakhala naye mpaka 1866.

Koma kukhitchini ndiko kumene adatchuka. Bambo awo ankakonda buledi wophika mwana wawoyu kuposa wina aliyense. Mu 1856 adapata mphotho yachiwiri pa chionetsero cha zaulimi ku Amherst ndi buledi wosakaniza ufa wachimanga ndi wa mbewu yofanana ndi tirigu. Mayi wa ku Kasinje wodziwa kuphika chigumu sakadaona chachilendo pamenepo. Keke yawo yakuda inkalira mazira 19. Ana a m'deralo, ataima pansi pa zenera, ankalandira makeke a jinja m'kadengu kotsitsidwa ndi chingwe. Munthu wodana ndi anthu sachita zotere. Mayiwa ankangosankha okha njira yofikira anzawo: kalata, duwa, chakudya, ndipo kawirikawiri ndakatulo yaifupi pamodzi nazo. Mlamu wawo Susan, amene ankakhala nyumba yoyandikana, adalandira ndakatulo zoposa 250.

Ndakatulozo zinkabadwira pakati pa ntchito zomwezi. Zina adazilemba pa maenvulopu akale, ina kuseri kwa pepala la kaphikidwe ka keke. Mayi awo atafa ziwalo mu 1875, Emily ndi mng'ono wawo Lavinia adawadwazika zaka zisanu ndi ziwiri, kulemba kuli mkati. Ali moyo, ndakatulo pafupifupi khumi zokha ndi zimene zidasindikizidwa, zopanda ngakhale dzina lawo.

Asanamwalire adalangiza Lavinia kuti adzatenthe makalata amene anthu ankawalembera, ndipo Lavinia adachitadi zimenezo. Kenaka adapeza mulu wa ndakatulo, zambiri zili m'timabuku 40 timene mkulu wawo adasoka yekha ndi singano ndi ulusi. Izi sadaziponye pamoto. Adayamba kufunafuna anthu oti amuthandize kuzisindikiza, ndipo buku loyamba lidatuluka mu 1890, ngakhale akonzi ake adasintha mawu ndi zizindikiro zina kuti zigwirizane ndi zimene owerenga adazolowera. Zonse pamodzi, pafupifupi 1,800, zidasindikizidwa monga mmene mwini wake adazilembera mu 1955, patapita zaka 69 chimwalirireni.