Mátyás Seiber: Mphunzitsi Amene Analowetsa Jazi M'kalasi

Inu amene mumaphunzitsa zinenero mukudziwa kuti anthu amatha kusangalala ndi chinthu pamsewu, koma n'kuchikana chikafika pakhomo la sukulu. Muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga mbiri ya Mátyás Seiber, chifukwa ndi zomwe zinachitikira nyimbo za jazi ku Germany.

Seiber anabadwira ku Budapest m'dziko la Hungary pa 4 Meyi 1905. Anaphunzira kuimba cello, chida cha zingwe chooneka ngati vayolini wamkulu, ndipo luso lopeka nyimbo anamuphunzitsa ndi Zoltán Kodály. Atamaliza maphunziro anapita ku Germany, ndipo kwa kanthawi ankaimba pa sitima yapamadzi yopita ku America. Maulendo amenewa anamupatsa mwayi womva jazi ndi makutu ake.

Pa nthawiyo jazi inali itafika kale ku Germany. Mu 1925 gulu la Sam Wooding, woimba wachikuda wa ku America, linakopa anthu ambiri ku Berlin. Mu 1927 sewero loimba la Ernst Krenek, Jonny spielt auf, linaonetsedwa koyamba ku Leipzig. Otsutsa analipo, koma mkangano unakula kwambiri pamene Bernhard Sekles, mkulu wa sukulu ya nyimbo ya Hoch ku Frankfurt, analengeza kuti atsegula kalasi ya jazi. Kalasiyo inayamba mu 1928, ndipo mphunzitsi wake anali Seiber, asanakwanitse n'komwe zaka 25.

Taonani mfundo za mbali zonse. Ogwirizana nayo ankati ophunzira a ku Germany ayenera kukulitsa luso losunga kugunda kwa nyimbo, komanso ntchito za oimba zinali m'mahotela, m'nyumba zovinira ndi pa wailesi. Ena otsutsa ankati nyimbo zovinira siziyenera kukhala pamodzi ndi za Bach ndi Beethoven. Koma ena ankalankhula za tsankho poyera: kwa iwo vuto linali lakuti jazi inachokera kwa anthu akuda a ku America.

Seiber anayankha ndi ntchito yake. Popeza zophunzitsira zinali zosowa, mu 1929 anatulutsa buku lophunzitsira kuimba ng'oma za jazi. Ngakhale Theodor Adorno, amene anatsutsa jazi m'nkhani yake ya mu 1936, anadalira Seiber kuti amufotokozere kaimbidwe kake.

Ndale ndi zimene zinatseka kalasiyo. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, maphunziro a jazi anathetsedwa. Seiber ndi Sekles, onse ochokera m'mabanja achiyuda, anachoka pasukulupo, ndipo Sekles anamwalira mu 1934. Mu 1935 boma linaletsa jazi pa wailesi, ndipo chaka chomwecho Seiber anakhazikika ku England.

Kumeneko anapitiriza uphunzitsi. Kuyambira mu 1942 ankaphunzitsa pa Morley College ku London. Anapeka nyimbo za mu kanema wa Animal Farm wa mu 1954, ndipo mu 1959 iye ndi John Dankworth analemba nyimbo yoimbidwa ndi gulu la jazi pamodzi ndi okesitira.

Moyo wake unathera kuno kummwera kwa Africa. Mu 1960 anabwera kudzakamba nkhani m'mayunivesite a ku South Africa, ndipo pa 24 Sepitembala anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Kruger National Park, ali ndi zaka 55. Woimba mnzake wa ku Hungary, György Ligeti, anapereka nyimbo yake yotchedwa Atmosphères kuti ikhale chikumbutso chake.

Musanapitirire ku gawo lotsatira, lembani m'kope lanu mayankho a mafunso awa: ndi chinenero chiti kapena kalankhulidwe kati ka ophunzira anu kamene kamaletsedwa m'kalasi mwanu? Kodi chifukwa chake ndi cha maphunziro, kapena n'chokhudza eni ake a chinenerocho?