Mayi Anna Dengel: Dokotala Amene Anagogoda Mpaka Chitseko Chinatseguka

Patchuthi chapitachi ndinakhala masiku asanu kuchipatala, ndikudikirira mlongo wanga amene amayembekezera mwana wake woyamba. Amene anamuthandiza usiku wovuta uja anali sisitere wodziwa zaunamwino. Nditabwerera kuno kuseminale, ndinadabwa kuwerenga kuti kale malamulo a Eklezia sankalola asisitere kuchita opaleshoni kapena kubereketsa amayi. Mmodzi mwa anthu amene anathandiza kusintha zimenezi ndi Mayi Anna Dengel.

Anna anabadwa mu 1892 m'mudzi wa Steeg, kumapiri a dziko la Austria. Mayi ake anamwalira iye akali wamng'ono. Atakula anamva kuti dokotala wina wa ku Scotland, Agnes McLaren, akufuna madokotala achikazi okatumikira ku India. Anna anapita ku Cork, m'dziko la Ireland, ndipo anatsiriza maphunzo a udokotala mu 1919.

Mu 1920 anafika ku Rawalpindi, mzinda umene lero uli m'dziko la Pakistan, nayamba ntchito pakachipatala ka St. Catherine. Kumeneko mwambo sunkalola amayi ambiri kuonedwa ndi dokotala wamwamuna, choncho ankangofera m'nyumba pobereka kapena ndi matenda ochizika. Atagwira ntchito zaka zinayi, Anna anatopa kotheratu. Anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga.

Anapita ku America kukapempha chithandizo, ndipo pa 30 September 1925, mumzinda wa Washington, iye pamodzi ndi dokotala mnzake ndi anamwino awiri anayambitsa gulu la Medical Mission Sisters. Koma chifukwa cha lamulo lija, sakanatha kuchita malumbiro ngati chipani cha asisitere. Anna sananyanyale kapena kutuluka mu Mpingo. Anapitiriza kuchiza odwala, kwinaku iye, maepiskopi ndi amishoni ena akupempha ku Roma. Mu 1936 lamulo linasintha, ndipo asisitere analoledwa kuphunzira udokotala ndi uzamba.

Chipatala chawo choyamba cha Holy Family chinatsegulidwa ku Rawalpindi mu 1927. Zina zinatsatira m'mizinda ya Patna, Karachi ndi Delhi. Koma chimene chinandikhudza ine kwambiri ndi cha ku Mandar, pafupi ndi Ranchi. Kumeneko kumakhala anthu otchedwa Adivasi, mitundu yakalekale ya m'dzikomo monga Oraon ndi Munda, alimi osauka okhala kutali ndi madokotala a m'tauni. Asisitere anawatsata komweko, ndipo anayamba kuphunzitsa atsikana a m'deralo unamwino kuti azisamalira anthu akwawo. Patapita zaka, asisitere a chipanichi anadzatumikiranso kuno kwathu, pachipatala cha Holy Family ku Phalombe.

Mayi Dengel anamwalira ku Roma pa 17 April 1980.

Anzanga, enafe tikadzadzozedwa tidzatumizidwa kumaparishi akumidzi, kumene mayi wodwala amanyamulidwa panjinga mtunda wautali usiku. Kudzoza odwala ndi ntchito yathu ndithu, koma tidzafunikanso kufunsa ngati pachipatala cha mishoni pali mankhwala, madzi ndi mzamba. Mlongo wanga ali bwino tsopano, ndipo mwana wake wamkazi adzabatizidwa pa Pasaka. Ndawapempha makolo ake kuti amutche Anna.