Gary Kildall, Mmisiri Amene Dzina Lake Linaiwalika

Pa tchuti chapitachi, ambiri a ife amene kwathu ndi ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 kapena ku Area 25 tinaona zikwangwani pa timasitolo tating'ono zonena kuti pano timakonza makompyuta ndi kuika Windows. Munthu akabwera ndi laputopu imene yayamba kuvuta, mmisiri amatenga fulashi naibaya m'mbali mwa makinawo, nayatsa, ndipo kanthu kasanaoneke pagalasi amayamba kudina batani la F2 kapena F10 msangamsanga. Mukamfunsa chimene alikuchita, amayankha kuti alikulowa mu BIOS. Dzina limeneli amisiri amalitchula tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene amadziwa munthu amene analibweretsa m'makompyuta aang'ono. Munthuyo ndiye Gary Kildall, ndipo mbiri yake ndiyo ndifuna kukusimbirani, anzanga, pakuti muli phunziro kwa ife amene tilikuganiza zodzadya za makompyuta tikatha mayeso a Fomu 4.

Gary Kildall anabadwa pa 19 May 1942 mu mzinda wa Seattle m'dziko la Amereka. Banja la atate wake linali lochokera ku Norway, ndipo linali ndi sukulu yophunzitsa amalinyero kayendetsedwe ka zombo panyanja. Mnyamatayo anakula alikuona anthu akuwerengera mitunda ndi njira za panyanja, motero anakonda masamu, nafuna kudzakhala mphunzitsi wa phunziro limenelo. Koma atalowa pa University of Washington anakumana ndi kompyuta, ndipo mtima wake unatengeka kotheratu. Anapitiriza maphunziro mpaka analandira digiri ya udokotala m'chaka cha 1972. Popeza inali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam ndipo anyamata analikufunika kutumikira m'gulu la asilikali, iye anatumizidwa kukaphunzitsa za makompyuta pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Monterey, m'chigawo cha California.

Masiku amenewo kompyuta inali chinthu chodzaza chipinda, ndipo eni ake ambiri anali mabungwe aakulu monga maboma, mabanki ndi masukulu aukachenjede. Koma m'chaka cha 1971 kampani ya Intel inatulutsa kachipangizo kotchedwa 4004, kamene mtima wake unali wochepa ngati chikhadabo, koma kodziwa kuwerengera monga makina aakulu aja, ngakhale pang'onopang'ono. Ambiri anakayesa koyenera makina owonkhetsera masamu basi. Kildall anaona patali. Anayamba kugwirira Intel ntchito pa masiku amene sanali kuphunzitsa, ndipo m'chaka cha 1973 anawalembera PL/M, chinenero cholembera mapulogalamu a tizipangizo totere.

Vuto limene linamsautsa linali la posungira ntchito. Mapulogalamu analikusungidwa pa riboni ya pepala yobooledwa timabowo, imene inali kuchedwa kuwerengeka ndiponso kung'ambika msanga. Tsono kunali kutabwera diski yofewa, yaikulu mainchesi 8, imene inkatha kusunga zambiri. Kildall anapeza makina ozungulitsa diskiyo kwa kampani ya Shugart, ndipo mnzake John Torode anamkonzera chipangizo cholumikizira makinawo ku kompyuta yake. Iye mwini analemba pulogalamu yolamulira zonsezo, naitcha CP/M. Inagwira ntchito koyamba m'chaka cha 1974 ku Pacific Grove, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja kumene analikukhala.

Pano ndiyenera kufotokoza chimene pulogalamu yotere imachita, pakuti ndiyo imene Azungu amaitcha operating system. Iyo ili ngati kapitawo wa pa esiteti. Kapitawo salima yekha, koma ndiye amadziwa kumene kuli makasu, amagawa ndime, nalemba zimene zalowa ndi kutuluka m'nkhokwe. Chomwechonso pulogalamu imeneyi salemba kalata ndiye, koma imadziwa pamene fayilo iliyonse yagona pa diski, imamva mabatani amene mwadina, nitumiza zolembazo pagalasi kapena ku makina osindikizira. Windows, Ubuntu ndi Android onsewa ndi akapitawo otere.

A Intel ataonetsedwa CP/M sanaifune. Chifukwa chake Kildall ndi mkazi wake Dorothy anayambitsa kampani yaoyao ya Digital Research. Mwamuna ankalemba mapulogalamu, mkazi ankasamala za malonda ndi mapangano, ndipo poyamba ankalengeza m'magazini ndi kutumiza madiski kwa ogula kudzera pa positi.

Posakhalitsa panabuka vuto lina, ndipo m'mene analithetsera ndimo muli ulemerero wake. Makampani opanga makompyuta aang'ono anachuluka, ndipo aliyense ankalumikiza diski, mabatani ndi galasi m'njira yakeyake. Kuti CP/M igwire pa makina a kampani yatsopano, panafunika kuikonzanso, ndipo ntchitoyo inali yotopetsa. M'chaka cha 1975, alikugwira ntchito ndi Glenn Ewing wa ku kampani ya IMSAI, Kildall anapatula zigawo za pulogalamuyo. Zigawo zazikulu anazisiya kuti zikhale chimodzimodzi pa makina onse. Zonse zokhudza kulankhula ndi zitsulo anazisonkhanitsa m'kachigawo kamodzi kakang'ono, kamene wopanga makina aliyense akanatha kukalemba yekha molingana ndi makina ake. Kachigawo kameneka ndiko kanatchedwa BIOS, ndiko kufupikitsa mawu akuti Basic Input/Output System.

Kuti timvetse bwino, tiganize za bwalo la milandu. Woweruza amalankhula Chingerezi kulikonse kumene apita. Akafika ku Karonga, kapena ku Mangochi, kapena ku Nsanje, sayamba waphunzira Chinkhonde, Chiyao kapena Chisena ayi. Chimene chimasintha ndi womasulira yekha. BIOS ndiye womasulirayo. Chifukwa cha nzeru imeneyi CP/M inafalikira pa mitundu ya makompyuta mazanamazana, ndipo olemba mapulogalamu monga WordStar yolembera makalata ndi dBASE yosungira kaundula ankalemba kamodzi kokha nagulitsa kwa eni makina osiyanasiyana. Pofika 1980 Kildall ndiye anali mfumu ya mapulogalamu oyendetsa makompyuta aang'ono. Kampani yake inatulutsanso MP/M m'chaka cha 1979, yolola anthu angapo kugwiritsa ntchito kompyuta imodzi nthawi yomweyo, kenaka CP/NET, yolumikiza makompyuta kuti abwerekane madiski ndi makina osindikizira. Izi ndizo lero timazitcha netiweki.

Tsono m'chaka cha 1980 chomwecho kampani ya IBM, imene inali yaikulu koposa onse pa za makompyuta, inaganiza zopanga kompyuta ya patebulo, ndipo inalikuchita izi mobisa ndi mofulumira. Akuluakulu ake anapita kwa Bill Gates wa ku Microsoft, ndipo iye anawalozera kwa Kildall kuti akapeze pulogalamu yoyendetsera makinawo. Tsiku limene anafika ku Pacific Grove, Kildall anali atanyamuka pa ndege yake, imene ankaiyendetsa yekha, kukapereka katundu kwa wogula wina. Alendowo anatulutsa chikalata chosunga chinsinsi chofuna kusayinidwa asanayambe kulankhula, ndipo Dorothy, ataona kuti chikalatacho chinakomera IBM yokha, anazengereza nafunsa loya wa kampani. Kuchokera pamenepo panatuluka nthano yakuti Kildall anapita kukasewera mumlengalenga pamene mwayi unalikugogoda pakhomo, ngakhale mnzake Tom Rolander, amene anali naye m'ndegemo, anachitira umboni kuti unali ulendo wa ntchito. Zopinga zenizeni zinali ziwiri. IBM inafuna kulipira ndalama kamodzi kokha, pamene Kildall anafuna kulandira pa kompyuta iliyonse yogulitsidwa. Ndiponso CP/M-86, imene inayenera makina atsopanowo, inali isanathe kulembedwa.

IBM inabwerera kwa Gates. A Microsoft analibe pulogalamu yotere, koma anagula ina yotchedwa 86-DOS kwa kampani yaing'ono ya Seattle Computer Products. Wolemba wake, Tim Paterson, anaipanga kuti izimva malamulo ofanana ndi a CP/M, kuti mapulogalamu akale asamutsidwe mosavuta. Kildall ataiona anawawidwa mtima, nati ntchito yake yatengedwa. Paterson anakana, nanena kuti mizere yonse anailemba yekha. Pofuna kupewa mlandu, IBM inalonjeza kugulitsa mapulogalamu onse awiri kuti wogula asankhe. Kompyuta ya IBM inatuluka pa 12 August 1981. Pulogalamu ya Microsoft, imene anaitcha PC DOS, inaikidwa pa mtengo wa madola 40, koma CP/M-86, imene inafika miyezi ingapo pambuyo pake, inaikidwa pa madola 240. Ndani akanagula chinthu chokwera kasanu ndi kamodzi pamene chinzake chilipo kale m'sitolo? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Msika umene Kildall anauyesa wake unauluka m'zaka zowerengeka, ndipo pa DOS pomwepo ndi pamene Microsoft inadzamanga Windows.

Ngakhale zinatero, mkuluyu sanapinde manja. Kuyambira 1983 mpaka 1990 ankathandiza kuulutsa pologalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa The Computer Chronicles, kufotokozera anthu wamba za makina atsopano, pakuti uphunzitsi sunamchoke. M'chaka cha 1985 kampani yake inatulutsa GEM, yoonetsa zithunzi ndi mawindo pagalasi, ndipo m'chaka chomwecho kampani ina imene anaiyambitsa inaika buku lalikulu la nzeru zosiyanasiyana la Grolier pa CD imodzi. M'chaka cha 1991 anagulitsa Digital Research kwa Novell, kampani imene nthawi imeneyo inali patsogolo pa zolumikiza makompyuta a m'maofesi, ndiponso inali imodzi mwa zoyamba kuyesa amisiri a netiweki mayeso ndi kuwapatsa satifiketi. Mayeso amene achinyamata amalemba masiku ano anabwera pambuyo pake: CompTIA A+ m'chaka cha 1993, CCNA ya kampani ya Cisco m'chaka cha 1998, ndi Network+ m'chaka cha 1999.

Kildall sanafe wosauka ayi. Anali ndi nyumba, magalimoto ndi ndege, ndipo atasamukira ku Austin m'chigawo cha Texas ankathandiza ana odwala Edzi. Koma chilonda cha mumtima sichinapole. Kulikonse kumene ankapita anthu ankamfunsa za tsiku la IBM lija, osati za zimene anapanga. M'chaka cha 1992 sukulu yake yomwe ya University of Washington inachita chikondwerero cha zaka 25 za maphunziro a makompyuta. Iye anaitanidwa kudzakhala pakati pa omvera, ndipo wolankhula wamkulu anali Bill Gates, amene sanaphunzirepo pamenepo. Ukwati wake ndi Dorothy unali utatha kale, ndipo m'zaka zake zotsiriza mowa unamgwira. Pa 8 July 1994 anavulala m'mutu m'nyumba yodyera ndi kumwera ku Monterey, ndipo anamwalira pa 11 July ali ndi zaka 52. Anaikidwa kwao ku Seattle. Patapita zaka 20, mu April 2014, bungwe la mainjiniya la IEEE linaika chikumbutso ku Pacific Grove, pa nyumba imene inali ofesi ya Digital Research.

Tibwerere tsopano ku kasitolo ka ku Kawale kaja. A IBM anatenga dzina la BIOS ndi nzeru yake, koma iwo anaisunga m'kachipangizo ka m'kati mwa makina osati pa diski. Makompyuta atsopano ali ndi ina yotchedwa UEFI, ngakhale amisiri amangoti BIOS. Chilembo cha C: chimene timachiona pa Windows ndi mdzukulu wa A: ndi B: za pa CP/M. Pa 14 October 2025 a Microsoft analeka kusamala Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo makompyuta akale ambiri, onga amene amafika kuno atagwira kale ntchito kunja, sakwanira kulandira Windows 11. Mwini makina otere sayenera kuwataya. Mmisiri angathe kusunga mafayilo ake pena, kufufuta Windows, ndi kuika Linux Mint kapena Ubuntu. Kuti kapitawo mmodzi achotsedwe ndi kuikapo wina pa zitsulo zomwezo, ndi chipatso cha nzeru ija yopatula pulogalamu ndi makina.

Ife amene tifuna kudzalemba mayeso a A+, Network+ kapena CCNA titolepo ziwiri. Choyamba, kudina Next kufikira Windows italowa angathe mwana aliyense. Amene adzafunidwa pa ntchito ndi amene adziwa chifukwa chake diski ilikukana kuoneka ndi chifukwa chake makompyuta awiri sakumvana pa waya. Kildall anakwera chifukwa anafunsa mafunso otere. Chachiwiri, luso lokha silimsunga munthu. Amene anamgwetsa si mmisiri womposa, koma chikalata cha pangano, kuchedwa kwa katundu ndi mtengo wa pa sitolo. Tsono pamene tilikulimbika pa Computer Studies, tisanyoze masamu a malonda ndi Chingerezi cha m'mapangano. Ndipo tsiku lina mukadzadina F2 pa laputopu ya munthu, mudzakumbukire mphunzitsi wa ku Seattle uja.

Wophunzira wa Fomu 4