Mallory: Wotchi yake idapezeka m'thumba patatha zaka 75

Pa 8 June 1924, nthawi ili 12:50 masana, mitambo idayera pang'ono paphiri la Everest ndipo Noel Odell adaona timadontho tiwiri takuda tikukwera chakunsonga. Timadonthoto adali anzake, George Mallory ndi Andrew Irvine. Posakhalitsa mitambo idatsekanso, ndipo kudali kuonana komaliza.

Chomwe chidamudetsa nkhawa Odell ndi nthawiyo. M'kakalata komwe Mallory adalemba dzulo lake, adasonyeza kuti pofika 8 koloko akhala atafika kale kumtundako. Apa zidaoneka kuti awiriwa achedwa ndi maola oposa anayi, ndipo paphiri ngati ili kuchedwa kumapha.

George Mallory adabadwa pa 18 June 1886 m'mudzi wa Mobberley ku England, ndipo bambo ake adali m'busa. Adayamba kukwera mapiri a Alps ali pasukulu ya Winchester. Atamaliza maphunziro a mbiri yakale ku Cambridge, adayamba uphunzitsi pasukulu ya Charterhouse m'chaka cha 1910. Mu 1914 adakwatira Ruth Turner ndipo banjali lidadalitsidwa ndi ana atatu. Pankhondo yoyamba yapadziko lonse mkuluyu adali msilikali wa mizinga ku France.

Phiri lomwe lidamudya mtima ndi Everest, lomwe lili m'malire a Nepal ndi Tibet. Ndi lotalika mamita 8,849, kutanthauza pafupifupi katatu kutalika kwa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje. Kumeneko mpweya ndi wochepa kwambiri moti pakupuma kumodzi munthu amakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a okosijeni yemwe amapeza m'mphepete mwa nyanja zamchere.

Mallory adapitako katatu. Mu 1921 adakafufuza njira. Mu 1922 adakwera kupyola mamita 8,200 opanda mabotolo a mpweya, koma ulendowu udathera m'misozi pomwe chipale chidagumuka n'kupha anthu asanu ndi awiri onyamula katundu. Ngakhale zidatero, mu 1924 adabwereranso ali ndi zaka 37.

Masiku amenewo dziko la Nepal silinkalola alendo, choncho gululi lidanyamukira ku Darjeeling m'dziko la India kumapeto kwa March n'kudzera ku Tibet. Lidayenda pansi ndi pamahatchi kwa masabata pafupifupi asanu lisadafike patsinde pa phiri. Kuchoka apo lidamanga misasa isanu ndi umodzi, wina pamwamba pa unzake.

Paulendo wotere wotchi ndi chida chopulumutsa moyo. Mpweya wam'botolo umatha pakangopita maola ochepa, ndipo wokwera amayenera kudziwa kuti watsala ndi wochuluka bwanji. Ubongo ukasowa okosijeni munthu amaganiza mochedwa, nsonga n'kumaoneka ngati ili pafupi pomwe patsala maola. N'chifukwa chake okwera Everest ambiri amagwirizaniratu nthawi yobwerera, kawirikawiri cha m'ma 2 koloko masana, kaya afika pansonga kaya ayi. Wotchi za nthawi ya Mallory sizidali za batire. Zinkafunika kupukusa ndi chala tsiku ndi tsiku, ntchito yovuta pomwe zala zauma ndi chisanu.

Mallory ndi Irvine, mnyamata wa zaka 22, adanyamuka pamsasa womaliza ndipo sadabwerenso. Padatha zaka 29 Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay asadafike pansonga n'kutsikako amoyo pa 29 May 1953.

Pa 1 May 1999, Conrad Anker wa ku America adapeza thupi la Mallory pamtunda wa mamita pafupifupi 8,150. Chisanu chidalisunga bwino. Mwendo wakumanja udali wothyoka, chingwe choduka chili m'chiuno, umboni woti adagwa. M'matumba mudali makalata, machesi, kachipangizo koyezera kutalika kwa phiri komanso magalasi oteteza maso kukuwala kwa chipale. Magalasiwa adachititsa ena kuganiza kuti ngoziyi idachitika kutada.

Patatha masabata awiri ofufuzawo adabwereranso pamalopo ndipo adapeza wotchi yake. Siidali pamkono, idali m'thumba, galasi lake litachoka. Ambiri adayembekezera kuti wotchiyi iulula nthawi yomwe adagwa. Koma akatswiri atayiunika adapeza kuti siidaime ndi ngoziyo. Idapitiriza kuyenda mpaka mphamvu idatha, popeza padalibe woipukusa.

Nanga adaivuliranji? Ena amati galasi lidasweka kale ndiye adaisunga. Ena amati adaivula kuti alowetse mkono m'ming'alu ya thanthwe pokwera malo ovuta. Mulimonsemo, pomwe ankagwa wotchiyo siidali pomwe maso ake akadaiona msanga.

Kamera yomwe akuti awiriwa adatenga siidapezeke, chimodzimodzinso chithunzi cha Ruth chomwe achibale ankati adalonjeza kukachisiya pansonga. Mu September 2024 gulu lina lidapeza jombo ndi sokosi yolembedwa dzina la Irvine m'munsi mwa phirilo, koma mtsutso woti adafika pansonga kapena ayi sudathe.

Chodziwika n'chakuti Mallory adatsikira kulichete patangotsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 38, ndipo adasiya mayi wamasiye ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka zitatu zokha.