Johannes Brahms, mwini nyimbo ya maliro yotonthoza amoyo

Nyimbo zambiri za maliro za ku Ulaya zimapempherera womwalira. Ya Johannes Brahms, yotchedwa Ein deutsches Requiem, imalankhula ndi anamfedwa otsala, ndipo ndiyo inamutchukitsa.

Brahms anabadwa pa 7 May 1833 mumzinda wa Hamburg m'dziko la Germany, m'banja losalemera. Bambo ake, Johann Jakob, ankapeza ndalama poimba zoimbira, ndipo mwanayo anaphunzira piyano akadali wamng'ono. M'chaka cha 1853 anafika kwa katswiri wopeka nyimbo Robert Schumann ndi mkazi wake Clara ku Düsseldorf. Schumann anamuyamikira kwambiri m'nyuzipepala ya za nyimbo, koma chaka chotsatira anadwala matenda a maganizo, nadziponya mumtsinje wa Rhine. Anamupulumutsa, koma anamwalira m'chipatala mu 1856. Brahms, yemwe sanakwatire moyo wake wonse, anakhalabe bwenzi la Clara kwa zaka 40 zotsatira.

Mayi ake a Brahms, Christiane, anamwalira mu February 1865, ndipo ntchito yopeka nyimboyi inayamba chaka chomwecho. Sanatenge mawu a Misa ya akufa ya m'Chilatini monga anachitira Mozart. Anasankha yekha mavesi m'Baibulo la Chijeremani la Martin Luther, kuyambira pa Mateyu 5:4, ponena za achisoni, mpaka pa Chivumbulutso 14:13. Dzina la Khristu silitchulidwamo ngakhale kamodzi.

Chiyambi chake sichinayende bwino. Zigawo zitatu zoyamba zitaimbidwa ku Vienna pa 1 December 1867, woimba ng'oma anaimba mokweza kwambiri kumapeto kwa chigawo chachitatu mpaka kwaya inasiya kumveka, ndipo ena mwa omvera ananyoza.

Zinthu zinasintha pa Lachisanu Loyera, 10 April 1868, m'tchalitchi chachikulu cha ku Bremen, pomwe Brahms anatsogolera yekha zigawo zisanu ndi chimodzi. Woimba limba wa tchalitchicho, Karl Reinthaler, yemwe anaphunzitsa kwayayo, anadandaula kuti nyimboyo sinena za imfa ya Mpulumutsi. Brahms sanasinthe mawu, choncho pamwambowo anaikapo nyimbo ina yochokera mu Messiah ya Handel, yomwe anaimba Amalie Joachim. Clara Schumann anali m'gulu la omvera. Tsiku limenelo Brahms, ali ndi zaka 34, anayamba kuwerengedwa pakati pa akatswiri a dziko lake.

Patapita milungu yochepa anawonjezera chigawo chachisanu, cha mawu a sopulano, chomwe chili ndi lonjezo la pa Yesaya 66:13 lofanizira chitonthozo cha Mulungu ndi cha mayi kwa mwana wake. Nkovuta kuchimva osakumbukira Christiane. Zigawo zonse zisanu ndi ziwiri zinaimbidwa koyamba ku Leipzig pa 18 February 1869, motsogoleredwa ndi Carl Reinecke.

Nyimboyi imatenga nthawi yoposa ola limodzi, ndipo muli zina zimene munthu amaziona bwino akakhala m'holo kusiyana ndi kumvera pa wailesi. M'chigawo choyamba oimba vayolini amangokhala manja ali pamwendo, chifukwa pa zoimbira za mtundu wa vayolini Brahms anafuna za mawu otsika zokha, kuti kwaya ilowe monong'ona pamwamba pake. M'chigawo chachiwiri ng'oma imagunda mwapang'onopang'ono ngati mdipiti wopita kumanda, kwaya nkuyamba motsitsa kunena kuti munthu ali ngati udzu, kenako nkubwereza mawu omwewo ndi mphamvu zonse. Malo omwe anasokonekera ku Vienna aja ndi ovutabe mpaka lero: liwu limodzi lotsika limagwiridwa osalekeza pamene magulu anayi a kwaya akulondolana pamwamba pake. Mayi woimba sopulano amadikira zigawo zinayi ali phee, nkuimirira kamodzi kokha.

Brahms anakhazikika ku Vienna, ndipo nyimbo yake yoyamba ya mtundu wa symphony anaimaliza mu 1876, atalimbana nayo zaka zambiri. Zina zitatu zinatsatira. Clara Schumann anamwalira mu May 1896, ndipo Brahms anamwalira ndi khansa pa 3 April 1897 ali ndi zaka 63. Anaikidwa m'manda a Zentralfriedhof ku Vienna, pafupi ndi Beethoven ndi Schubert.