Albert J. Myer

Albert James Myer (20 September 1828 – 24 August 1880) anali dokotala komanso msilikali wa ku United States. Amadziwika poyambitsa Signal Corps, nthambi yoyendetsa mauthenga m'gulu la asilikali a dzikolo.

Ubwana ndi maphunziro

Myer anabadwira ku Newburgh m'chigawo cha New York. Ali mnyamata anagwirako ntchito ya telegalafu, yotumiza mauthenga pawaya. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Buffalo mu 1851, ndipo kafukufuku wake anali wa chinenero chamanja cha anthu osamva. Mu 1854 analowa usilikali ngati dokotala n'kutumizidwa ku Texas.

Mauthenga a mbendera

Myer anakonza njira yolankhulana patali pogwedeza mbendera imodzi kumanja kapena kumanzere, ndipo usiku ankagwiritsa ntchito muuni. Komiti yotsogozedwa ndi Robert E. Lee inaunika njirayi mu 1859. Pa 21 June 1860 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa udindo wa mkulu woona za mauthenga ndi kupatula madola 2,000 ogulira zipangizo. Udindowo unapatsidwa kwa Myer.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, luso lakelo linapindulitsa adani poyamba. Edward Porter Alexander, amene anamuthandiza kuyesa njirayi, analowa gulu la zigawo zakumwera zogalukira boma, ndipo pa nkhondo ya ku Bull Run anachenjeza anzake ndi mbendera kuti akuzingidwa.

Mkangano wa telegalafu

Mbendera sizioneka kukachita nkhungu kapena utsi, choncho Myer anapezera nthambi yake makina a telegalafu a Beardslee, oyenda nawo pangolo. Makinawa sankafuna mabatire ndiponso anali osavuta kuphunzira, koma ankachedwa ndipo uthenga sunkafika patali. Mu 1863 anaganiza zosinthira ku makina a Morse, nayamba kuitana akatswiri ake.

Panthawiyo panali kale bungwe lina, US Military Telegraph, lomwe ogwira ntchito ake anali anthu wamba oyang'aniridwa ndi nduna ya zankhondo, Edwin Stanton. Nkhani inakula pa funso lakuti mawaya a asilikali aziyang'aniridwa ndi ndani. Mu November 1863 Stanton anachotsa Myer pa udindo ndi kulamula kuti zipangizo zonse za telegalafu ziperekedwe ku bungwelo. Signal Corps inatsala ndi mbendera ndi miuni mpaka nkhondo itatha.

Zaka zomaliza

Myer anabwezeredwa pa udindo mu 1866. Mu 1870 nthambi yake inapatsidwa ntchito yoona zanyengo ndi kuchenjeza za namondwe, ndipo malipoti ankasonkhanitsidwa pa telegalafu kuchokera m'madera ambiri. Anamwalira ku Buffalo ndi matenda a impso, patangopita miyezi iwiri atakwezedwa kukhala Brigadier General. Mu 1881 malo a asilikali a Fort Whipple ku Virginia anasinthidwa dzina kukhala Fort Myer pomukumbukira.